Anganga Amene Ankafuna Kudulidwa Mawu

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha anganga a Makhwira kumanda a kwathu kuno ku Likoswe, ndipo mkulu wa mpingo amene anapatsidwa mpata wolankhula anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda phokoso. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje kuti kuseka kusatuluke, koma kunatulukira m'mphuno. Amayi ananditsina pantchafu. A Nasimango, amene anakhala kutsogolo ndi amayi a kwaya, sanatembenuke, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Munthu amene mkuluyo ankanena ife sitikumudziwa. Amene tinaika m'manda dzinja la chaka chatha anali mwini phokoso la mudzi uno, ndipo agalu a kuno akanakhala olankhula akanachitira umboni.

Anali malume awo a amayi anga, choncho ine ndinkawaitana anganga, iwo nkumandiitana Kachiwanda, dzina limene sindinalikanepo chifukwa ndinaligwirira ntchito. Anali aatali, owonda ngati nsungwi, ndipo ankavala jekete yaubweya ngakhale mu Okutobala, ati inazolowera thupi lawo. Chuma chawo chinali sakisi, lipenga lopindika ngati khosi la tsekwe lija. Kuwala kwake kunasuluka kalekale nkutsala mtundu wa ndowa yakale, ndipo mabatani ena ankagwira ndi mphira wa chubu cha njinga. Timabango toika kukamwa kwake ankasema okha ndi lezala, kuchokera ku bango la kudambo. Akasema mulu wonse, kamodzi kokha ndi kamene kankawakhutiritsa. Totsalato ndinkatola ine, ndipo anyamata a m'kalasi mwathu amene anakhalapo pa mipando yawo osayang'ana akudziwa kumene tinkathera.

Kuyenda nawo ku Boma kunali chilango. Ankatha kuima pakati pa msewu, dzanja lili pakhutu, kumvetsera oitanira minibasi akukuwa za Limbe uku chigayo chikulira, wogulitsa nkhuku akukangana ndi wogula, nkukuuza kuti taima kaye, apa pakupsa zinthu. Moni wawo unali wachidule mochititsa manyazi. Munthu akayamba kufunsa za kunyumba, za ana, za mbuzi, iwo ankamulowa pakati ndi nkhani ina dala, kuti aone ngati abwezere. Palibe ankabwezera. Anthu ankangoti inde bambo, iwo nkuchokapo atakhumudwa ngati awamana chakudya.

Ali mnyamata ankaimba m'bandi ya pahotela ina ku Limbe, nyimbo zovinitsa mabwana, zomwezomwezo sabata ndi sabata, mpaka zala zinkayenda zokha iwo akuganiza za nandolo wa kumudzi. Kumeneko anakumana ndi mzungu wina wa ku Denimaki amene anabwera kudzagwira ntchito ya ng'ombe ku Mikolongwe, koma mtima wake uli pa chigitala chachikulu choimirira, chija woimba amachita kuchikumbatira. Ntchito yake itatha anawatenga anganga kupita nawo kwawo, nyengo imodzi yozizira. Za sitima ndi nyumba zazitali sankafotokoza ngakhale uwafunse. Nkhani yawo inali imodzi, ya kachipinda kena kapansi, konunkha fodya ndi majasi onyowa, kumene anawaimika pamodzi ndi mzungu uja, mayi wina wa piyano ndi mnyamata wa ng'oma. Anafunsa kuti tiimba nyimbo yanji, mayi uja nkungokweza mapewa. Anafunsa kuti ayambitse ndani, wa ng'oma nkuseka. Ankati anaima pamenepo thukuta lili kamukamu m'dziko lozizira, kudikira mtsogoleri amene kunalibe, mpaka anazindikira kuti anzawo anayamba kale. Kukwekwesa kwa mpando ndi kugogodagogoda kumene iwo ankakuyesa kukonzekera kunali kuimba komweko. Analowa. Mayi wa piyano anawadula asanamalize, iwo nkumubwezera, ndipo kuyambira tsiku limenelo nyimbo za kuhotela zinawakhalira ngati phala la dzulo.

Anabwerako ndi jekete ija, sakisi, ndi matenda amenewa. Moyo wawo wonse wotsala ankafuna chinthu chimodzi, kuti apeze anthu atatu kuno kwawo oti aimbe nawo choncho, anayi, popanda nyimbo yopangana kale, popanda woyambitsa ndi ovomera. Ankati atatu ndi ochepa chifukwa awiri amapangana kupondereza mmodzi, pamene asanu ndi msonkhano. Anthu ankati azungu anawalodza. Ena ankati ku Ulayako sanafikeko, anathera ku Joni. Anganga aakazi, amene anamwalira ine ndisanayambe sukulu, akuti ndi okhawo amene ankawalowa m'kamwa osaopa, ndipo anganga ankanena poyera kuti anawakwatira chifukwa cha chimenecho, kuphika sankakudziwa.

Mwana wamkazi wa mzungu uja, amene sitinamuonepo, ankatumiza nyimbo pa foni ya amayi, za magulu a masiku ano a anthu anayianayi a ku Norowe, ku Polandi, ku Jeremani. Ntchito yanga inali kukwera nayo foniyo pachulu pamene netiweki imagwira, kenako nkukaiika m'kapu yachitsulo kuti mawu akule. Amayi ankati zikumveka ngati thandala lagwa ndi mbale zomwe. Anganga ankamvetsera ali chitsinzire, chala chili m'mwamba, nkumafotokoza ngati akuulutsa mpira, kuti wa ng'oma wamubera mawu wa lipenga, wa piyano wakana, uyu wa chigitala wakhala chete dala kuti anzake agwere m'dzenje. Akamva gulu limene onse akutsatira mmodzi ankalamula kuti ndifufute, ati amenewo ndi ana a sukulu ali pamzere. Ankanenanso kuti azungu amalipira pakhomo kuti amve zimene amayi a kuno amachita ulere pamjigo m'mawa uliwonse, onse kulankhula nthawi imodzi koma aliyense nkubwerako atamva zonse. Chimene chinkawapweteka n'chakuti amayi omwewo, bambo wachikulire akangotulukira, onse amati zii.

Vuto lonse linali pamenepo. Kuno munthu wamkulu sadulidwa mawu. Amayamba ndi iye, amamaliza ndi iye, enanu mumadikira nkuvomera. Ndiye anganga ankasaka anthu oti awadule m'mudzi umene aliyense analeredwa bwino, kupatula ine.

Ine ndinali woyamba kulembedwa, ndipo ndinalowa chokokedwa khutu. Ndili Sitandade 7 ndinazolowera kubisala kuseri kwa mpanda wawo ndi phesi la papaya, lija timaliboola nkumaliliza. Iwo akaliza sakisi pakhonde, ine ndinkawayeserera mwachipongwe, ndipo sindinkadikira kuti amalize, chifukwa chipongwe chodikira sichipweteka. Tsiku lina ndinaona kuti sakusiya. Ndikawalowa, ankandizemba nkutulukira kwina. Ndikakuwa, ankanong'ona mpaka ine ndimveke ngati chitsiru. Tinalimbana mpaka milomo yanga inachita dzanzi, kenako kunangoti zii, ndipo ndisanaganize zothawa dzanja linatulukira mumpanda nkundigwira khutu. Anandikokera kwa amayi mudzi wonse ukuona. Amayi anali atathyola kale kamtengo, koma anganga anati asandimenye, azindibwereketsa kwa iwo Lamulungu lililonse masana, chifukwa mwa anthu onse a ku Likoswe apeza mmodzi wopanda ulemu.

Wachiwiri anali a Biza, okonza njinga pamphambano, amene anadzipangira babatoni, chigitala cha nsambo imodzi chokhala ndi ng'oma yachikopa kumunsi, chimene woimba amachikhalira. Dzanja lawo ndi labwino, koma a Biza ndi munthu amene amavula chipewa ngakhale polankhula pa foni. Anganga akakwera, iwo ankakwera nawo. Akatsika, atsika nawo. Akasiya kuti apume, a Biza nkusiyanso, manja pamaondo. Tsiku lina anganga anawafunsa ngati alibe maganizo awoawo. A Biza anati ali nawo, bambo, koma ngati bambo akuona kuti alibe ndiye kuti alibe. Anganga anawalanda chipewa nkuchiponya padenga.

A Nasimango ndi oyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi, ndipo mawu awo amafika kutsidya kwa mtsinje. Anabwera koyamba kudzadandaula kuti sakisi ikusokoneza kwaya pokonzekera, mkangano nkutenga masana onse. Iwo ankati nyimbo yopanda mutu ndi misala. Anganga ankati nkhanu ilibe mutu koma sinasocherepo. A Nasimango anati ndiye chifukwa chake imayenda chammbali ngati inu. Pamenepo anganga anaomba m'manja, nkuwauza kuti akangana mokoma, abwerenso Lamulungu adzakangane chimodzimodzi koma osatchula mawu. Anabweradi, ati kudzaonetsa kuti n'zopusa, ndipo sanasiye kubwera. Koma mkango wa pamkangano uja, sakisi ikangofika pakamwa pa anganga, unkasanduka mayi wa kwaya. Ankadikira mzere uthe nkuvomera mokoma, mosalala, anganga nkumadandaula kuti awathirira shuga wambiri m'tiyi. Tikamaliza, a Nasimango ankadutsira kwathu kukandinenera kwa amayi kuti ndachitanso mwano kwa akulu.

Choncho tinali anayi powerenga mitu, koma poimba tinali munthu mmodzi, mithunzi yake iwiri, ndi udzudzu.

Chaka chimene ndinalowa Fomu 2 chifuwa chinawagwira anganga. Kuchipatala ku Boma anawauza kuti mapapo atopa, lipenga alisiye. Anabwerako pa kabaza, ndipo Lachisanu lake anatiitana atatufe. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinatiopsa.

"Lamulungu likubwerali ndi lomaliza," anatero. "Ndayesa, zakanika. Ndinu anthu abwino, ndiye vuto lake. Tikatha sakisi ndiitsekera m'bokosi. Nyimbo ija ndimafuna ndiimve kamodzi kwathu kuno ndisanafe, koma basi."

A Biza anati pepani bambo. Anganga anati mwaonatu.

Lamulungu lija titaweruka kutchalitchi ndinawapeza anganga akugona pamphasa, sakisi ili pampando. M'thumba ndinali ndi mbatata yophika. Ndinamasula khosi la sakisi, ndinakanikizamo mbatata ndi chala mpaka inadzaza, nkubwezeretsa bwinobwino. Masiku ano anthu ena amati ndinachita mwanzeru, ndinaona patali. Bodza limenelo. Ndinkangofuna kuona masaya awo atatupa, ndipo ndinaganiza kuti ngati lero ndi lomaliza, mwayi wina sudzapezeka. Ndinkadziwanso kuti sandigwira msanga, chifukwa anganga sankayesa sakisi asanayambe, ati kuyesa ndi kuimba komwe. Lamulo lawo lina linali lakuti tikakhala pansi palibe kulankhula mpaka titatha, wofuna kunena kanthu anenere m'chida chake.

Mbiri inali itamveka kuti misala ya a Makhwira ikutha lero, ndiye pamsewu panadzaza anthu, ena ndi nzimbe zawo. Tinakhala. A Biza ndi a Nasimango anaika maso pa anganga monga mwa masiku onse. Anganga anakweza sakisi nkuuzira. Masaya anatupa, mitsempha ya pakhosi inaima, maso anatuluka ngati a chule, koma kunja sikunamveke ngakhale kamphepo. Anauziranso. Ine ndinali nditalandira kale zanga. Kuseka kunandigwira, ndipo poti kulankhula kunali koletsedwa ndinasekera m'phesi la papaya, nkutuluka kulira kwa bulu.

A Nasimango anandiyang'ana kamodzi nkudziwa zonse. Anatsegula pakamwa kuti andilalatire, anakumbukira lamulo, ndiye anandilalatira popanda mawu. Sindinamvepo munthu akutukwana bwino choncho. Liwu linakwera, linathyoka, linatsikira m'mimba, linabwerera likubaya pang'onopang'ono ngati singano. Ine ndinawayankha mwamwano ndi phesi, chidendene chikugunda chigubu chimene ndinkakhalira poimba. A Biza akachita mantha manja amanjenjemera, ndipo anali atagwira nsambo, babatoni nkuyamba kung'ung'udza yokha. Atamva kuti ikumveka anayesa kutileretsa nayo, kugunda mbali ya a Nasimango, kugunda mbali yanga, ngati nkhoswe pamlandu wa banja. Palibe anawamvera. Nawonso anapsa mtima nkuyamba kunena zawo, ndipo zinali zambiri, zolemera, za munthu amene wakhala akuti inde bambo kuyambira ali mwana. Panalibenso woyang'ana anganga.

Ine ndekha ndinkawasuzumira chammbali. Anatsitsa sakisi, anamasula khosi, anayang'anamo. Anatola kamtengo nkutokosola mbatata ija, anaitembenuza, nkuidya. Kenako anabwezeretsa khosi nkuyamba kudikira mpata woti alowe. Mpata panalibe. Munthu amene zaka zonsezi ankangokweza nsidze anthu nkukhala chete anakhala pamenepo sakisi ili pakamwa, akugwedeza mutu ngati mtsikana wofuna kulowa m'chingwe chimene anzake akuzunguza. Potsiriza analowa ndi liwu lalitali, lokongola, lija ankayambira masiku onse. Lisanafike pakati a Nasimango analidula ndi mkuwo, osawayang'ana n'komwe, a Biza nkupondapo.

Anganga anachotsa sakisi pakamwa nkuseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, misozi ili chuchuchu. Atapuma anabwereramo, ndipo ulendo uno analowa ngati wakuba, kamawu apa, kamawu apo, kulanda kanga nkukapatsa a Biza, kubisala pansi pa a Nasimango nkuwatulukira kutsogolo. Nthawi ina ndinasiya kudziwa kuti phokoso liti ndi langa. Sindikudziwa kuti tinatenga nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti tinasiya tonse pamodzi popanda wopereka chizindikiro, ndipo chimenechi chinali chisanachitikepo. Pamsewu palibe anaomba m'manja. Mayi wina anafunsa mnzake ngati tayamba kale kapena tikukonzekerabe.

A Nasimango atazindikira zimene anachita anagwada kuti apepese.

"Mukapepesa, mayi, ndikakusumirani kwa abusa," anatero anganga, akupumira m'mwamba. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe Kachiwanda, mbatata ija inali yosapsa. Uziphika kaye."

Amayi atamva anandituma kukapepesa. Ndinapita, ndinakhala nawo anganga mpaka dzuwa kupendeka, tinadya nzimbe, ndinabwerera. Mpaka lero amayi amakhulupirira kuti ndinapepesa, ndipo akawerenga izi adziwa kuti mwana wawo ndi yemwe uja.

Sakisi sinalowe m'bokosi. Tinaimba chilimwe chonse chija, ndipo a Biza anafika poti tsiku lina anawauza anganga kuti lero mwaimba zogona, bambo. Anganga anayenda nayo nkhaniyo mudzi wonse ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Mkulu wa mpingo uja, yemwe uja wa pachiliza, anabwerapo kudzawachenjeza za phokoso la tsiku la Sabata. Iwo anamupatsa chigubu changa nkumuuza kuti anene zimenezo bwinobwino. Anachokapo akupukusa mutu, koma ndinamuona ataima kuseri kwa mpanda nthawi ndithu.

Mpweya unkachepa mwezi ndi mwezi. Poyamba ankaliza mizere yaifupi, kenako liwu limodzi pa Lamulungu lonse, nkulisunga mpaka pamene litipweteke. Chakumapeto sankauziranso, ankangogogoda mabatani a sakisi, ife nkumatchera khutu kuti tiwamve, koma osawasiyira njira, chifukwa ukangowamvera chisoni ankakuyang'ana ngati wawabera nkhuku. Ankati tsopano ndi iwo wamng'ono pagulu ndipo sanakhalepo bwino chonchi. Ndinawauza kuti tijambule pa foni titumize ku Denimaki. Anakana, ati azibwera okha adzamve, ifenso tinachita kupita.

Anamwalira chimanga chili m'maondo. Pamaliro tinaimba nyimbo za m'buku, a Nasimango akuyambitsa ife tikuvomera, chifukwa maliro ndi maliro.

M'nyumba mwawo tsopano amayi amasungamo matumba a nandolo, koma khonde ndi lathu. Miyezi yoyamba mpando wawo unali pomwepo, ndipo unatisokoneza kuposa eni ake. Aliyense wobwera ankauzungulira chapatali, a Biza ankauvulira chipewa, ndipo tikakhala pansi maso onse ankapita pa mpandowo kudikira kuti uyambe. Ndinauba nkukauika m'khola, nkhuku ya amayi ikuikirapo mazira ndipo sinadandaulepo. Pamalopo patsala timaenje tinayi ta miyendo yake, ndi banga lakuda pakhoma pamene ankatsamiritsa mutu. A Nasimango akamazira khonde amazungulira timaenjeto ndi chala kuti dothi lisatseke, koma poimba amayamba ife tisanakhale n'komwe.

Pali bambo wina woweta ng'ombe amene amadutsa ndi njinga Lamulungu masana kuchokera cha ku Mikolongwe. Dzina lake sitikulidziwa. Ali ndi likhweru lobaya m'makutu, lija amaitanira ng'ombe zili kutali. Poyamba ankangochepetsa liwiro. Kenako anayamba kuima pamsewu, phazi limodzi pansi. Mawa lake la chiliza anatsamiritsa njinga pampanda, anafika mpaka m'mphepete mwa khonde, ndipo a Biza ali pakati pa kunena zawo anawadula ndi likhweru popanda odi. A Biza anamubwezera. Kukwera pakhonde sanakwere, ndipo ife sitinamuitane. Pakati pa babatoni ndi chigubu changa, pamene ankakhala anganga, pali pansi poziridwa bwino, popanda mphasa, popanda mpando, pokwanira munthu mmodzi wamtali kutambasula miyendo.